Phokoso Lokonda Mthunzi

Mlamu wanga Ruby Msiska sataya chinthu asanachiyang'ane kawiri, ndipo khalidwe limenelo ndi limene linandichotsetsa ntchito. Ndanena poyambirira kuti wina asaganize kuti ndakhala pansi kudzamutamanda. Papita miyezi isanu ndi iwiri, koma ndikamva dzina lake mtima umandiwawabe.

Ine ndine Lighton Mtonga, dalaivala wa ku Kitwe, ndipo mkazi wanga Mervis ndi mkulu wake wa Ruby. Ndinayamba kulowa m'nyumba mwawo ku Wusakile Ruby ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kamtsikana kowonda, ka maso akuluakulu, kosaseka nthabwala za alendo. Tsiku loyamba lenilenilo ndinakapeza kakukangana ndi amayi ake chifukwa cha nyemba. Apongozi anga anali atasankha nyemba m'lichero, zofumbwa ndi timiyala ataziika m'kambale kuti akataye. Ruby anatenga kambaleko, n'kukakhala nako pakhonde, n'kuyamba kusankhanso. Patapita kanthawi anabwera ndi nyemba zisanu ndi zinayi m'manja.

"Nanga izi zalakwa chiyani, amama?"

Apongozi anga anandiyang'ana ngati akupepesa, ine n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndikanadziwa kuti tsiku lina adzandipeza ineyo m'kambale koteroko, sindikanaseka.

Magazi amenewo ndi a bambo ake. Malemu Edson Msiska anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Ekwendeni, n'kugwira ntchito ya ukalaliki kumgodi zaka makumi atatu, komanso anali mkulu wa mpingo wathu. Kalata iliyonse imene ankalemba ankaika kaboni pansi, ndipo makope onse ankawasunga m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi. Ukanena kuti "ine sindinanene zimenezo," madalawo sankalimbana nawe, ankangonyamuka kulowera kuchipinda. Ana awo ena onse anatengera mtima wofewa wa amayi awo. Womaliza yekhayu ndiye anatengera sutikesi.

Ruby anaphunzira za miyala ndi migodi pa yunivesite ya ku Riverside, m'kalasi yodzaza anyamata okhaokha. Atamaliza analowa ntchito pamgodi wina, yomvetsera ndi makina mmene miyala ikugwedezekera pansi kuti achenjeze anthu denga lisanawagwere. Anagwira pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Omufunsira analipo, koma mmodzi amene anafika patali anathawa Ruby atamupempha kuti aone satifiketi imene ankadzitama nayo. Kenako kampani ina yofufuza mafuta a pansi pa nthaka inatsegula ofesi ku Kansenshi ku Ndola, m'nyumba yakale yokhala ndi kapinga kutsogolo. Inamulemba ntchito, iye n'kusamukira ku Northrise, ku Ndola komweko.

Nthawi imeneyo ine ndinali pa ulova, chaka chathunthu ndikungozungulira pakhomo ngati nkhuku. Ruby ndi amene anandinenera kwa mabwana ake kuti kuli dalaivala wosamwa mowa. Zimenezo sindikana, ndipo asadzanene kuti ndinaiwala.

Lachisanu lililonse ndinkamutenga kuchokera ku Ndola kudzaona amayi ake ku Kitwe, ndipo pamsewupo ndinkamuseka monga mlamu amachitira.

"Mulamu, anzanu mafuta amawapeza pa filing'i siteshoni, inu mukuwasakira mu kompyuta?"

Iye nthabwala amaiyankha ngati funso la mayeso. Anandiuza kuti kuthengo amayala nthambo makilomita ambirimbiri, ndipo pa nthambozo pamakhala tizipangizo tangati tizitini, kalikonse kali ndi msomali wake wozika m'nthaka. Amatitcha majiyofoni, koma iye ankangoti makutu. Kenako chigalimoto cholemera chimatsitsa chitsulo pansi n'kugwedeza nthaka. Kugwedezako kumatsika, kukagunda miyala ya pansi kwambiri, n'kubwerera kumwamba, makutu aja n'kumva. Ukasonkhanitsa zimene makutu onse amva, umapeza chithunzi cha mmene miyala yagonera, ndi malo amene mafuta angakhale atabisala.

"Nanga inu ntchito yanu ndi iti pamenepo?"

"Ine ndimachotsa phokoso."

Vuto lake, iye anati, makutuwo sasankha. Amamva mphepo, ng'ombe, mapazi a anthu, chigayo cha m'mudzi, nthambo za magetsi. Pomwe mawu enieni ochokera pansi ndi ofooka, ngati munthu akukunong'oneza pakati pa msika wa Chisokone. Phokoso la mphepo amaligonjetsa pojambula malo amodzi kambirimbiri n'kuphatikiza zojambulazo: mawu a miyala amabwera chimodzimodzi nthawi zonse ndiye amakula, mphepo imabwera mosiyanasiyana ndiye imadyana yokha. Nthambo za magetsi zimang'ung'uza ka fifite pa sekondi osasintha, ndiye ali ndi sefa yopapatiza yogwira kung'ung'uza kokhako. Palinso mafunde amphamvu ochokera ku chigalimoto chomwecho, amene satsika pansi koma amakwawa pamwamba pa nthaka. Amenewo amayenda mochedwa, pa chithunzi amaoneka opendekeka kwambiri, ndiye amawadula potengera kupendekekako. Khutu likakhala lakufa kapena lozikidwa molobodoka, amangolichotsa pa mndandanda.

Zonsezi anzake a muofesi ankazidziwanso. Chimene chinkamusiyanitsa n'chakuti akasefa, sankathamangira kusirira chithunzi choyeracho. Ankayamba watsegula zimene zatsalira m'sefa, n'kuziyang'ana mzere ndi mzere, kuopa kuti mwina wataya mawu a miyala pamodzi ndi phokoso. Zotsalirazo sankafufuta. Ankazisunga mu kompyuta pamalo amene anawatcha kuti kambale. Ntchito imene anzake ankamaliza masiku awiri iye inkamutengera asanu, ndipo mabwana ankadandaula.

Mu Okutobala chaka chatha kampani inatitumiza kuchigwa cha Luangwa kukajambula. Amene sanafikeko mwezi umenewo asandiuze za kutentha. Pofika teni koloko chitsulo cha galimoto sungachigwire, ndipo madzi a m'botolo amakhala ngati ofuna kupangira tiyi. Ine ndinkayendetsa bwana woyang'anira ntchito ya kuthengo, a Chiza Silungwe, munthu wovala malaya oyera ngakhale pakati pa tchire.

Lamulo la kumeneko ndi limodzi, ndipo aliyense amauzidwa tsiku loyamba. Wailesi ikanena kuti "chete pa laini," injini zonse zimazimitsidwa, oyenda amaima pomwe ali, mpaka kujambula kuthe. Tsiku loyamba, cha m'ma ileveni, a Silungwe anandiuza kuti ndipeze mtengo wa mthunzi pafupi ndi nthambo. Tinaima, magalasi otseka, eyakoni ikutipemerera kamphepo kozizira. Wailesi itanena mawu aja ndinatambasula dzanja kuti ndigwire kiyi.

"Siyani," anatero a Silungwe. "Kainjini aka ndani angakamve? Mukufuna tipsere muno?"

Ndinasiya. Ndinene zoona, nanenso kamphepoko kankandikomera. Tsiku lotsatira sindinatambasulenso dzanja, ndipo zinakhala choncho masabata awiri, kuyambira ileveni mpaka dzuwa litapendeka, tsiku lililonse pansi pa mtengo wina.

Amene ankazika makutu mbali imeneyo anali Osward Chilufya ndi gulu lake la anthu asanu ndi mmodzi. Osward ndi wa ku Chimwemwe, wa mpingo wathu womwe, amaimba besi m'kwaya. Anagwira pansi pa mgodi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu asanachotsedwe pochepetsa anthu, ndipo ntchito iyi anaipeza atavutika. Khutu lililonse ankalikumbira kadzenje, kuliponda ndi chidendene, kenako n'kuligwedeza ndi chala kuti aone ngati lagwira. Anyamata ake ankamunena kuti amazika ngati akubzala mwana.

Osward anabwera pa galimoto yanga kawiri. Koyamba tinali pansi pa mvunguti. Anagogoda pagalasi, thukuta likutsika m'chibwano, ine n'kutsitsa pang'ono pokwana zala zitatu.

"Ba Lighton, motoka iyi imveka mpaka ku mendo kwanga. Zimyaniko fye pang'ono, bali kujambula."

A Silungwe sanadzutse n'komwe maso pa foni yawo. "Muuzeni abwerere ku ntchito yake."

Kachiwiri tinali pansi pa bwemba, patapita masiku anayi. Ulendo umenewo galasi sindinatsitse. Ndinangomukupiza ndi kuseri kwa dzanja, mmene timachitira ndi ogulitsa nthochi pa maloboti. Anaima pang'ono akundiyang'ana, kenako anabwerera padzuwa.

Kumapeto kwa masabata awiriwo, anthu a m'galimoto yojambulira anadandaula kuti makutu a mbali ya Osward akusokosera kwambiri, ndipo mwina makilomita asanu ndi atatu afunika kujambulidwanso. Kujambulanso si nkhani yamasewera, mabwana a ku Ndola anafuna kudziwa wolakwa. A Silungwe analemba lipoti tsiku lomwelo kuti gulu la Osward linkazika makutu molobodoka. Anyamata ake anawasamutsira kotchetcha udzu, iye n'kupatsidwa kalata yomuchotsa ntchito, yolembedwa kuti ndi waulesi ndi wosasamala. Kuno ku Copperbelt kalata yotero imakutsata ngati fungo, chifukwa kontrakitala aliyense amayamba wafunsa kuti uonetse ya kumene wachokera.

Amene anatumidwa kukamusiya kumsewu wa tala ndi ine. Makilomita makumi anayi a fumbi, iye atafungatira chikwama chake pamiyendo. Ine ndinatsegula wailesi ya nyimbo, ndipo potsika anangoti, "Zikomo pa lifiti."

Mu Novembala zojambula zija zinafika pa desiki ya Ruby. Loweruka lina masana anatulukira kwathu ku Kwacha, laputopu ili kukhwapa. Mervis anali kuchapa panja. Ruby anakana tiyi, n'kukhala pa tebulo.

"Mulamu, bwerani muone chinthu."

Pa galasi la laputopuyo panali mizere yambirimbiri yotsika pansi, yoyandikana ngati ulusi wa nsalu. Anati mzere uliwonse ndi khutu limodzi, ndipo izi ndi za m'kambale, zimene sefa yake yoyamba inagwira.

"Khutu lozikidwa molobodoka limasokosera lokha, anzake a m'mbali ali phee," anatero. "Ndipo limasokosera mwachisawawa, makamaka kukawomba mphepo. Nomba onani apa. Makutu fote akusokosera pamodzi, lapakati kwambiri, a m'mbali mocheperachepera. Ndiye kuti pali chinthu chaima pafupi ndi lapakatilo. Chikugunda ka twente faifi pa sekondi, osachedwa, osafulumira. Ng'ombe sichita zimenezo. Munthu sachita zimenezo."

Ndinati ine za makompyuta sindizidziwa.

"Chimayamba cha ku ileveni, chimaleka cha ku fotini awazi. Mawa lake chasamuka. Ndatenga malo onse amene chinaima, ndawaika pa chithunzi cha m'mwamba. Apa pali mtengo waukulu. Apa mtengo. Apanso mtengo. Zaka teni nili pa nchito iyi, mulamu, sininaonepo phokoso lokonda mthunzi."

Ndinachotsa maso pa laputopuyo.

"Injini ya dizilo ya masilinda folo, ikamalira galimoto itaima, singano ya liwiro la injini ili pa seveni fifite, imagunda ka twente faifi pa sekondi. Yanu singano imaima pati?"

Ndinamenya tebulo mpaka supuni zinalira. "Mwabwera kudzandizenga mlandu m'nyumba mwanga? Inu ndinu khoti?"

Sanadzidzimuke. Anati Lolemba akauza mayi Harriet Chisanga, mkulu wa ofesi ya ku Ndola, ndipo wabwera dala kuti ine nditsogole. "Mukalowe mwekha kuseni, m'mamawa, mukanene kuti munafuna kuzimitsa, bwana anakuletsani. Mukatero mlandu ndi wa amene analamula. Mukabisa, adzakutayirani inuyo. Ndikuwadziwa."

Mervis anali ataima pakhomo, manja ali thovu lokhalokha. "Iwe Ruby, ntchito yako si kuchotsa phokosolo? Chotsa, ukhale chete. Ana awa adya chiyani? Kapena chifukwa ulibe ako?"

Mawu amenewo anamulasa. Koma anayankha mofatsa. "Kuchotsa ndichotsa, asisi, ndi ntchito yanga. Koma ndikachotsa n'kutaya, palibenso chidzatsale chosonyeza kuti ba Osward anazika bwino. Kalata ija ikhala yoona mpaka kufa kwawo."

Anatseka laputopu n'kumapita, osatsanzika.

Lamulungu ndinakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Besi ya Osward inkamveka mpaka pabenchi panga, ndipo ndinkadziwa kuti wayenda kale kwa makontrakitala atatu n'kubwezedwa. Titatuluka foni inalira. Anali a Silungwe, atamva mphekesera kuti Ruby wapempha msonkhano.

"Ba Mtonga, galimoto inali yozima nthawi zonse, si choncho? Ife tili pamodzi. Chaka cha mawa kuli ntchito ina ku Luapula, ndikufuna dalaivala wokhulupirika."

Ndinati tili pamodzi, bwana. Chitsiru chili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Lolemba ndinafika ku Kansenshi seveni koloko. Chitseko cha mayi Chisanga chinali chotsegula, ali okha, akumwa tiyi. Ndinadutsa pamenepo katatu. Kenako ndinatenga chidebe n'kukatsuka galimoto imene inali yoyera kale.

Msonkhano unayamba naini koloko, ndipo patapita theka la ola anandiitana. Mayi Chisanga anali kumutu kwa tebulo, Ruby ataima pafupi ndi chithunzi chake cha mitengo, a Silungwe atatsamira mpando akumwetulira.

"Tsopano kompyuta yayamba kuona mitengo," ankatero pomwe ndinkalowa. "Mawa itiuza amene anadya nkhuku ya ku kampu."

Mayi Chisanga sanaseke. "Ba Mtonga, funso ndi limodzi. Wailesi ikanena kuti chete pa laini, galimoto yanu inkakhala yozima kapena yolira?"

Ndinapinda chipewa changa m'manja. "Yozima, madamu. Nthawi zonse."

Ruby sanandiyang'ane. Anangotola laputopu yake n'kunena kuti, "Madamu, tiyeni panja, faifi minitsi chabe."

Ndi pamene ndinaona chimene ndinachiphonya m'mawa wonse ndikutsuka galimoto. Pakapinga, m'mbali mwa poimika magalimoto, panali makutu khumi ndi awiri ozikidwa mumzere, nthambo yake yolowa m'kabokosi. Anali atawazika yekha m'mamawa ine ndisanafike. Analumikiza kabokosiko ku laputopu, mizere khumi ndi iwiri n'kuoneka, yowongoka ili phee.

Anayamba wapempha mayi Chisanga kuti alize galimoto yawo ya petulo. Mizere inanjenjemera pang'ono, iye n'kuiika pambali pa zojambula za kuchigwa. Sizinafanane. Kenako anatembenukira kumene ndinaima.

"Ba Lighton, lizani yanu. Muyatse na eyakoni."

Sanati mulamu. Zaka makumi awiri ndi zitatu anali asananditchulepo dzina.

Kiyi inandivuta kulowetsa. Injini italira, singano inakwera, n'kutsika, n'kukhazikika pa malo ake a masiku onse. Kuchokera pampando wanga ndinkaona mitu itatu itawerama pa laputopu. Anandiuza pambuyo pake wolondera pageti kuti mizere ya pakapinga ndi ya kuchigwa inkaoneka ngati mapasa. Ruby anakweza dzanja kuti ndizimitse, ndinazimitsa, ndipo mizere inawongokanso.

A Silungwe sanachedwe n'komwe kuyankha. "Madamu, ine m'galimoto ndimakhala bize ndi mapepala ndi mafoni. Wogwira kiyi ndi dalaivala. Ndinkayesa akutsata lamulo. Ndipo mwamva nokha mmene munthuyu amanamira."

Pamenepo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinanena zonse, za mvunguti, za "kainjini aka ndani angakamve," za foni ya dzulo lake. Ndinalankhula mpaka malovu kuuluka. Mayi Chisanga anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ba Mtonga, mphindi khumi zapitazo munati inali yozima nthawi zonse. Ndikhulupirire ziti?"

Lachitatu ndinalandira kalata yanga. A Silungwe analandira ya chenjezo, ndipo mpaka lero ali pa ntchito, malaya ake ali mbee.

Ruby anabwerera pa desiki yake kukachotsa phokoso langa. Zimene anachita ndinazimva kwa wophika tiyi wa muofesi, amene ndimakumana naye pa siteji. Akuti anzake anamuuza kuti angoika sefa yopapatiza ngati ya magetsi ija, ntchito ithe tsiku limodzi. Iye anakana, chifukwa twente faifi ili pakati penipeni pa mawu a miyala, ndipo sefa yotero ikanataya nyemba zabwino zambiri. M'malo mwake, pa khutu lililonse ndi pa kujambula kulikonse ankayeza kugunda kwa injini, kupanga kofanana nako mu kompyuta, kuchotsera, kenako n'kutsegula kambale kuti aone ngati mwalowa china chosayenera. Zinamutengera masabata atatu. Chithunzi chinatuluka choyera, ndipo makilomita asanu ndi atatu aja sanajambulidwenso.

Atamaliza anakana kwamtuwagalu kusainira ntchitoyo mpaka kampani italembera Osward kalata ina. Mayi Chisanga anamuzengereza sabata yathunthu, iye osasuntha. Kalatayo inalembedwa. Koma ntchito ya kuchigwa inali itatha, mahema atapasulidwa, ndiye Osward analibe koti abwerere. Chimene anapeza ndi pepala limodzi. Ndipo pa phwando la kumapeto kwa chaka, amene anaomberedwa m'manja chifukwa chomaliza laini yonse popanda kubwereza ndi a Silungwe. Luso la mlamu wanga linayeretsa mbiri ya munthu ameneyo kuposa sopo, ndipo ndikaganiza zimenezo ndimafuna kuswa chinachake.

Panopa ndimayendetsa minibasi ya munthu wina pakati pa Kitwe ndi Ndola. Mervis salankhulana ndi mng'ono wake. Pa Khirisimasi anakhala nyumba imodzi kwa amayi awo, wina kukhitchini, wina pakhonde, apongozi anga akungoyendayenda pakati ndi mbale. Ruby sanapepese. Anatumiza nsapato za sukulu za ana, Mervis n'kuzibweza, iye n'kuzitumizanso kudzera kwa agogo awo.

Ndakwiyira a Silungwe, ndipo amenewo sindidzawakhululukira msanga. Ndakwiyira mayi Chisanga, amene anaona bwino lomwe kuti wamkulu ndani m'galimoto muja. Ndakwiyira Ruby chifukwa akanatha kudina batani limodzi, phokoso n'kusowa, tonse n'kumadya. Ndamukwiyiranso chifukwa anabwera Loweruka lija. Akanapanda kubwera, bwenzi lero ndikunena kuti anandibaya kumsana, ndipo anthu akanandimvera chisoni. Koma anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, n'kundiuza chitseko cholowera, ndipo ine ndinakatsuka galimoto.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, Osward anandiimitsa pabwalo. Anali atavala jekete yake ya kwaya, envulopu ili m'manja. Ndinamva kuti kontrakitala wina wa ku Chambishi wamulemba ntchito ataona kalata yatsopano ija, ndipo Osward amayenda nayo paliponse. Anthu anali mbalimbali, amayi a Umanyano akupatsana moni, akulu a mpingo ataima pamthunzi. Ruby anali pa masitepe a tchalitchi.

"Ba Lighton, magalasi naiwala ku nyumba. Niwerengeleniko."

Magalasi akewo ankaoneka bwinobwino m'thumba la pachifuwa.

Ndinatsegula pepalalo. Linali m'Chingelezi, mizere isanu ndi umodzi yokha. Linkanena kuti kampani yafufuza ndipo yapeza kuti a Osward Chilufya ankagwira ntchito yawo mosamala, kuti kalata yoyamba yafafanizidwa, ndiponso kuti phokoso linachokera ku galimoto imene dalaivala, Lighton Mtonga, ankaisiya ikulira pa nthawi yojambula. Dzina la a Silungwe munalibe. Ndinawerenga mothamanga, ndipo pa dzina langa ndinameza mawu. Amene anali pafupi anasiya kucheza. Ndinapinda pepalalo n'kumupatsira.

Sanalandire. Manja ake anali kumbuyo.

"Ninabwera kawiri pa windo panu," anatero, osakweza mawu. "Werenganinso."

Ndinawerenganso, pang'onopang'ono, ndipo nditafika pa dzina langa sindinatsitse mawu. Nditakweza maso ndinapeza Ruby akadali pa masitepe, mutu utapendekeka pang'ono, akundiyang'ana mmene ankayang'anira kambale ka nyemba kaja pakhonde ku Wusakile. Sindikudziwa ngati anapezamo kanthu.